Lezala la Ulusi Wofiira

Ine ndine wometa. Kunja ndinali wometa, ndipo nditalowa m'ndende muno sanachedwe kundipezera mpando wothyoka mwendo ndi kakhonde ka kuseri kwa mabafa kuti ndizipitiriza ntchito yanga. Mitu yoposa mazana atatu imadutsa m'manja mwangamu. Wanga wokha ndi umene sufuna lezala, chifukwa dazi linandimaliza ndisanakwanitse zaka makumi atatu, ndipo anthu saleka kundiseka kuti wometa anayamba wadzimeta yekha mpaka mizu. Asekeni. Ngati pali munthu wodziwa zonong'onedwa m'ndende muno ndi ine, chifukwa munthu ukamugwira mutu pakamwa pake pamamasuka.

Tinalowa awiri, ine ndi mng'ono wanga. Tinamenya mlamu wathu. Musandifunse ngati ndikumva chisoni, chifukwa munthuyo anathyola mchemwali wathu nthiti ziwiri. Woyamba kuponya chibakera ndinali ine. Mng'ono wanga anabwera kudzandigwira, koma pogwirapo dzanja linamupulumuka kamodzi, basi, zaka zitatu aliyense. Iye ndi kalipentala, munthu wofatsa, woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iyeyo. Muno anamuika ku shedi ya matabwa. Ndinamulowetsa muno ndine, choncho ndinkadziwa kuti kumutulutsa wamoyo ndi wathanzi ndi ntchito yanga.

Lolemba lililonse ku ofesi amandipatsa malezala awiri. Awiri okha, anthu inu, mitu yonseyo! M'mawa ndimakatenga, madzulo ndimakabweza. Ndiye ndinaganiza nzeru. Pachipatala cha ndende pali windo loyang'ana pabwalo, ndipo m'mawa uliwonse amene ali ndi kachilombo ka HIV amaima pamzere pamenepo kulandira ma ARV awo. Bwalo lonse limawaona. Timawatchula kuti a pawindo. Ine ndinamanga ulusi wofiira pachogwirira cha lezala limodzi. Wa pawindo akakhala pampando, ndimatenga lofiira. Wina aliyense ndimamumeta ndi linalo, loyera lopanda ulusi, n'kupukuta ndi kansalu konyowetsa m'madzi a sopo. Loweruka, tsiku lodzaza, ndinkachita kufuula kuti, "Ofiira mbali iyi, enanu mbali iyo, musandisokoneze!" Anthu ankaseka, ngakhale a pawindo ena ankasekako. Ndinkanyadira kwambiri. Ndinkati palibe dokotala amene akanaganiza bwino kuposa pamenepo.

Tsiku lina nyapala wathu, mkaidi amene amayang'anira selo yathu, anatiimika pabwalo. Anati kukubwera anamwino awiri ochokera kunja, akhala masiku asanu. Azibaya chala, kutenga kadontho ka magazi, n'kuyeza kachilombo ndi matenda a chiwindi. Zotsatira pompopompo. Wofuna apite, wosafuna asiye.

"Wosafuna asiye?" ndinatero ine. "Kuyambira liti muno munthu amafunsidwa zofuna zake?"

Pampando panga tsiku limenelo nkhani inali yomweyo. Wina anati magaziwo akupita kupolisi, kuti akawayerekeze ndi a pamilandu imene sinapezeke eni ake. Wina anati akufuna adziwe odwala kuti awasamutsire kundende yakutali kumene abale safika. Wina anati tizitsulo tobayirato ndi timene tili ndi matenda, akufuna atichepetse chifukwa m'maselo mwadzaza. Ine sindinatsutse aliyense. Ndinkangowonjezera mchere. Chaka chonse mutu ukawawa umapatsidwa kambewu kamodzi ka mankhwala n'kuuzidwa kuti ukamwe madzi ambiri, lero anthu omwewo akukukonda mpaka kukuyeza chiwindi? Ine ayi.

Anafika Lolemba, amayi awiri ovala zoyera, wina wamkulu wamagalasi, wina wachitsikana, atanyamula makatoni. Anawapatsa kachipinda koyandikana ndi windo lija. Khomo lake limaonekera bwinobwino pakhonde langa.

Tili ndi bambo wina muno amene timamutchula kuti Wotchi. Kunja anali mlonda, ndipo amati anazolowera kuwerenga nthawi ndi mutu. Ndi iye amene anatulukira chinsinsi pasanathe theka la tsiku. Anakhala pansi pafupi ndi mpando wanga, maso pakhomo lija, milomo ikugwedera.

"Wometa," anandinong'oneza, "taona. Wolowa n'kutuluka pa mphindi makumi awiri, ameneyo ali bwino. Wopitirira pamenepo amupeza nako. Akumukhazika pansi kumulangiza."

Pofika madzulo bwalo lonse linali litadziwa. Munthu akalowa, anthu ankasiya zochapa n'kuyamba kuwerenga. Anamwino aja ankatseka chitseko, kutsitsa katani, kulankhula motsitsa, osadziwa kuti zotsatira zonse zikulengezedwa panja ndi Wotchi. Munthu ankatuluka atagwira kathonje pachala n'kupeza maso mazana akumudikira. Ena ankatuluka akuseka mokakamiza. Wina anathawa uphungu pakati, kuti atuluke nthawi isanakwane, koma anaiwala kubisa kapepala kamene anamupatsa.

Lachitatu zinthu zinanditembenukira.

Kuli mkulu wina wa kukhitchini, timamutchula kuti Mtali, wakhala muno zaka zisanu ndi ziwiri. Analowa akuseka, anatuluka patatha mphindi makumi anayi, ndipo sanabise kalikonse. Anabwera molunjika pakhonde panga.

"Kachilombo ndilibe," anatero mokweza. "Koma akuti ndili ndi matenda a chiwindi. Ine! Zaka zisanu ndi ziwiri osagwira ngakhale dzanja la mkazi. Mowa sindimwa. Sindinadzilembepo pathupi ndi singano ngati anyamata awa. Ndawafunsa amayiwo kuti nanga zachokera kuti, akuti mwina ndinabadwa nazo, mwina singano, mwina lezala." Anandiyang'anitsitsa. "Mwina lezala, wometa."

"Usandinamizire ine, Mtali!" ndinakuwa. "Iwe unayamba wametedwapo ndi lofiira? Tanena, unayamba?"

"N'chimene ndikunena," anatero iye. "Sindinametedwepo ndi lofiira."

Munthu amene ndinkamumeta anadzuka mutu uli theka, n'kunena kuti adzamaliza tsiku lina. Wotchi anayamba kutchula amene anachedwa m'chipinda muja kuyambira Lolemba, akupinda zala. Anatchula asanu ndi anayi. Ine ndinkamvetsera ndikuyang'ana pansi, chifukwa mitu yawo ndimaidziwa ngati zala zanga. Asanu ndi awiri anali a lezala loyera lija. A pawindo ambiri ankalowa kukayezetsa chiwindi chokha n'kutuluka mwachangu, akuyenda monyada.

Tsiku lonselo palibe anakhalanso pampando panga. Anthu ankadutsa chapatali akundiyang'ana cham'mbali. Koma zimenezo sizinandidye mtima. Chimene chinandidya ndi ichi: Loweruka lililonse, kwa chaka ndi miyezi iwiri, mng'ono wanga ndinkamumeta pomalizira, anthu onse atatha, chifukwa wachibale amadikira. Ankalandira lezala loyeralo litadutsa pamitu makumi angapo, litabuntha, likucheka timabala m'khosi.

Ndipo mng'ono wanga sanali bwino. Ndinkaziona kwa miyezi koma ndinkadzinamiza. Kabudula wa yunifolomu anali akumumanga ndi chingwe. Ankatsokomola chifuwa chosatha, m'kamwa munatuluka zilonda, chakudya ankangochitosa n'kupatsa mnzake. Ndinkati ndi fumbi la matabwa, ndinkati ndi kuganizira mkazi ndi ana. Tsopano ndinadziwa dzina lake la vutolo, ndipo ndinaganiza kuti ndalipereka ndine ndi dzanja langali.

Masana amenewo ndinamupeza pampopi akusamba m'manja. Ndinamugwira chibwano n'kumutembenuzira kudzuwa, ndikumuyang'ana m'maso ngati muli chikasu.

"Achimwene, mwatani?" anafunsa.

"Palibe. Iwe wayezetsa?"

"Ayi."

"Usapiteko. Ukundimva? Magazi amenewo akupita kupolisi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Apolisi afunanso chiyani kwa ife, achimwene? Si atigwira kale?"

"Ndati usapiteko! Unayamba liti kundiyankha?"

Anangoti chabwino, n'kupukuta manja pamalaya. Ndinachita manyazi, koma mantha anali aakulu kuposa manyaziwo. Za apolisi ndinali nditasiya kale kuzikhulupirira. Chimene sindinkafuna n'chakuti alowe muja, Wotchi awerenge mpaka makumi anayi, iye atuluke n'kundiyang'ana ngati mmene anandiyang'anira Mtali.

Lachinayi m'mawa ndinapita ndekha. Sindinapite kukayezetsa, ndinapita kukakangana. Ndinapeza mayi wamagalasi uja akuvala magolovesi.

"Khalani pansi, bambo," anatero.

"Sindikhala. Inu ndi amene mukuuza anthu kuti lezala langa likupha?"

"Ndinu wometa? Ndimafuna ndikuitaneni. Khalani, simungandimenye mutaimirira chomwecho."

Ndinakhala. Ndinawafotokozera za ulusi wofiira, mwatsatanetsatane, ndikuyembekeza kuti andiyamikira. Anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Bambo, amene mumawameta ndi lofiirawo ndi amene amadzidziwa ndipo akumwa mankhwala. Ambiri a iwo kachilombo kanagona kalekale m'magazi mwawo. Enawo mumawadziwa bwanji? Ndi maso?"

"Munthu wodwala amaoneka."

"Mtali amaoneka?"

Anavalanso magalasi aja. Anati kachilombo ka chiwindi ndi kouma mutu, kamatha kukhala pa lezala masiku angapo, magazi atauma osaonekanso, ndipo kansalu ka sopo sikakachita kanthu. Anatinso sangalumbire kuti onse asanu ndi awiri aja anatengera kwa ine, chifukwa ambiri amakatenga ali makanda osadziwa. Koma lezala limodzi pamitu yonseyo, anati, za limenelo alemba kalata ku ofesi.

"Nanga kadontho kamodzi kangadziwe bwanji zonsezo?" ndinafunsa. "Munthu ali ndi magazi odzaza ndowa, inu mutenge kadontho, basi mwadziwa moyo wake wonse? Nanga zotsalazo mumapita nazo kuti?"

Anandionetsa. Anang'amba kapaketi pamaso panga, kachitsulo katsopano, n'kunena kuti ndikang'ambe ndekha china ngati ndikukayika. Ndinang'amba ndekha. Anandipukuta chala ndi sipiliti, n'kubaya kuti tswii, osapweteka n'komwe, kadontho apa, kadontho apo, pa tizipangizo tiwiri tokhala ngati timapepala tolimba. Kachitsuloko anakaponya m'kabokosi kachikasu kotseka. Ine maso anali pakabokosiko.

"Kamapita kukawotchedwa," anatero asanafunsidwe.

"Mwatero ndi inu."

Anaseka. Tinadikira. Mzere umodzi apa, mzere umodzi apo. Anati ndilibe chilichonse. Ine wometa, amene ndadwalitsa anthu, ndilibe chilichonse, chifukwa dazi silimetedwa ndipo ndevu ndimangodula ndi sizasi. Sindinasangalale ngakhale pang'ono. Ndisanatuluke ndinawauza za Wotchi, kuti zinsinsi zawo zonse zikuwerengedwa panja. Anagwira pakamwa.

"Masiku anayi onsewa?" anatero. "Bwanji palibe anatiuza?"

"Munafunsa ndani?"

Nditatuluka, Wotchi anapukusa mutu mwachisoni. Kukangana kuja kunandidyera mphindi makumi asanu. Ndinamuuza kuti ndilibe kanthu, iye anangoti, "Eya, limba mtima, m'bale wanga." Ndinatsala pang'ono kumuponda.

Kuyambira masana amenewo anamwino anayamba kusunga aliyense theka la ola, wodwala ndi wosadwala yemwe. Anthu anadandaula kuti awabisira nkhani. Ena anati umenewo ndiwo umboni wakuti pali chimene akuchita muja.

Lachisanu, tsiku lomaliza, ndinali pakhonde panga ndekha ndikunola sizasi yosafuna kunoledwa. Ndinaona mng'ono wanga akudutsa pabwalo, utuchi uli m'tsitsi. Sanapite kumpopi. Sanayang'ane kumbali kwanga. Anagogoda pachitseko chija n'kulowa.

Ndinaimirira, ndinakhalanso. Wotchi anabwera kudzakhala pambali panga osaitanidwa.

"Usawerenge," ndinamuuza.

"Sindikuwerenga," anatero, milomo ikugwedera.

Theka la ola linakwana. Ndinadziwa chifukwa Wotchi anasiya kundiyang'ana. Anthu atatu amene anali pamzere anayamba kunong'onezana. Namwino wachitsikana anatuluka, anapita kuchipatala, anabwerera ndi dokotala wa ndende. Chitseko chinatsekedwanso. Ndinayamba kupemphera, ine amene sindinapempherepo chilowere muno, ndipo pemphero lake linali lopusa: ndinkati Mulungu, ngati ndi chiwindi, chikhale cha kubadwa nacho, chisakhale cha lezala langa.

Anatuluka patadutsa ola lathunthu. Chala chimodzi chinali ndi kathonje, komanso pamkono panali pulasitala, kusonyeza kuti amutenganso magazi ena ambiri. Anayenda molunjika ku shedi ya matabwa. Ndinamutsatira, bwalo lonse likundiperekeza ndi maso.

Anzake anali atapita kukalandira chakudya. Ndinamupeza atakhala pa benchi yosamaliza, manja ali pakati pa maondo. Ndinagwada patsogolo pake. Ine, mkulu wake, ndinagwada mu utuchi.

"Ndikhululukire," ndinatero. "Sindinkadziwa. Ndinkati ndikukuteteza. Mayi uja wandiuza kuti mankhwala a chiwindi alipo, munthu amakhala nawo zaka zambiri. Ndilankhula ndi bwana wamkulu, ndilemba kalata kunyumba..."

"Achimwene, dzukani. Chiwindi changa chili bwino."

Ndinamuyang'ana. Mtima unayamba kutsika, ndinatsala pang'ono kuseka.

"Chili bwino? Nanga ola lonseli mumakamba chiyani? Nanga dokotala uja?"

"Ndili ndi kachilombo."

Mkwiyo unandikwera nthawi yomweyo, chifukwa ine ndi mmene ndilili. Ndinadzuka. "Akunama! Tizipangizo tawoto n'tabodza, ndinanena ine. Wakatenga kuti muno? Ndani wakugwira? Tanditchulire dzina lake, ndikamuthyole khosi lero lomwe!"

"Palibe wandigwira. Khalani pansi, achimwene, chonde. Sanandiuze chachilendo. Ndakhala ndikudziwa zaka zisanu."

Ndinakhala pamulu wa matabwa.

Analankhula pang'onopang'ono, akupuma pakati chifukwa cha chifuwa. Anati iye ndi mkazi wake anayezetsa limodzi ali ndi pakati pa mwana wachiwiri. Onse awiri anayamba mankhwala, ana anabadwa bwinobwino, ndipo sanauze wina aliyense, ngakhale amayi athu. Ankamwa tsiku lililonse osaphonya. Tsiku limene tinalowa muno, pageti paja, msilikali wolemba mayina anafunsa ngati pali amene akumwa mankhwala aliwonse.

"Inu munali pambali panga, tamangidwa unyolo umodzi," anatero. "Munayankha ndinu. Munati, 'Ife kwathu kulibe zimenezo, bwana.' Ine ndinangogwedeza mutu. Ndinati ndikauza dokotala mawa, ndili ndekha."

"Nanga mawalo?"

"Mawalo ndinaona windo. Posakhalitsa ndinaona kuti mpando wanu wayang'ana pomwepo."

"Chaka ndi miyezi iwiri," ndinatero. "Iwe, chaka ndi miyezi iwiri osamwa?"

Anavomera ndi mutu. Anati mkazi wake akabwera kudzationa amamufunsa ndi maso, iye n'kumunamiza kuti akulandira. Anati dokotala wakalipa kwambiri. Chitetezo cha m'thupi chatsika zedi, chifuwacho akuchikayikira kuti ndi chachikulu, ndipo Lolemba amutengera kuchipatala cha kunja. Sakudziwa ngati mankhwala akale aja agwirabe ntchito.

Ndinalira. Sindibisa. Ndinalira ngati mwana, ndipo m'kulirako ndinali wokwiyabe, chifukwa ndinkafuna munthu woti ndimumenye ndipo mu shedimo munalibe wina.

"Ndine m'bale wako," ndinatero. "Mimba imodzi. Ukanandikokera pambali n'kundiuza. Ukuganiza kuti ndikanakutaya? Ine? Bwanji sunandiuze?"

Sanakweze mawu. Mng'ono wanga sakweza mawu.

"Ndinayesa, achimwene. Loweruka loyamba lija ndinakhala pampando wanu nditakonzeka kunena. Inu munandigwira mutu, munanyamula lezala lofiira n'kundionetsa, munati, 'Iwe usaope. Ili ndi la anthu amene sanadzisunge. Silidzakukhudza ine ndili moyo.'"

Ndinakumbukira. Ndinanenadi choncho, ndipo ndinanena mokweza, kuti onse amene anali pamzere amve.